Mafunso ndi mayankho: zimene owerenga amanena pa mabuku a mbiri yakale, a moyo wa munthu ndi a chipembedzo

Anthu akawerenga buku la nkhani zenizeni sakhala chete. Ena amalemba ndemanga pa intaneti, ena amatsutsana m'magulu owerengera limodzi, ndipo mafunso amene amabuka amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka ofunika kufatsa. Mayina a mabuku tawasiya mmene amadziwikira m'Chingerezi kuti musavutike powafufuza.

Mabuku amenewa ndi otani, ndipo n'chifukwa chiyani anthu amawatchulira pamodzi?

Onse amanena kuti zimene zili m'kati mwake n'zoona, si zopeka. Koma lonjezo la mtundu uliwonse ndi losiyana. Wolemba mbiri yakale amalonjeza kuti anafufuza, ndipo angakusonyezeni kumene anapeza chilichonse chimene wanena. Wosimba za moyo wake amalonjeza zochepa chabe: umu ndi mmene ine ndinazionera, ndiponso mmene ndikuzikumbukira lero. Wolemba za chipembedzo angakhale akuphunzitsa, akufufuza kapena akutsutsa, ndipo zimenezi tazifotokoza pa funso lake m'munsimu.

Malire ake si okhwima. Buku limodzi likhoza kukhala mbiri ya dziko, mbiri ya munthu ndi umboni wa chikhulupiriro nthawi imodzi.

N'chifukwa chiyani buku lomwelo wina amalitamanda pamene wina amati n'kutaya nthawi?

Kawirikawiri anthu awiriwo sakutsutsana za bukulo. Aliyense anabwera ndi chake chimene amafuna, ndipo akungonena ngati wachipeza kapena ayi. Amene anagula buku la nkhondo akuyembekeza nkhani yothamanga amakwiya akapeza masamba ambirimbiri a misonkho ndi mapangano a mafumu. Mnzake amene amafuna kumvetsa chimene chinayambitsa nkhondoyo, masamba omwewo ndi amene amamukoka mtima. Mikangano yambiri imayamba munthu akatenga lonjezo la mtundu wina wa buku n'kukaweruzira mtundu wina: kufuna umboni wa zikalata kwa mayi amene akusimba ubwana wake, kapena kufuna ulaliki kwa katswiri wofufuza mipukutu yakale.

Kutsutsana kwenikweni kuliponso, pamene onse awiri amvetsa zimene wolemba akunena koma wina akuti n'zolakwika ndipo akutchula tsamba lake. Ndemanga zotere n'zochepa, koma ndi zimene zili ndi phindu.

Kodi nyenyezi zimene owerenga amapereka n'zodalirika?

Pang'ono chabe. Pa Goodreads, tsamba la pa intaneti la ndemanga za mabuku, imene inayamba mu 2007 ndipo inagulidwa ndi Amazon mu 2013, munthu amapereka nyenyezi imodzi mpaka zisanu. Vuto lake n'lakuti opereka nyenyeziwo ndi anthu amene anasankha okha kuwerenga bukulo. Buku lolimbikitsa okhulupirira limawerengedwa ndi okhulupirira, choncho limakolola nyenyezi zambiri ngakhale litalembedwa mwaulesi. Buku labwino limene ana asukulu amakakamizidwa kuwerenga limalandira mkwiyo wa ana amene amafuna kukasewera. Ndiye pali mabuku a andale ndi a atsogoleri a zipembedzo, amene anthu ena amawapatsa nyenyezi imodzi kapena zisanu asanatsegule n'komwe, chifukwa akuvotera munthuyo osati zolemba zake.

Ife timalangiza kuyamba ndi ndemanga za nyenyezi zitatu. Munthu amene wapereka zitatu nthawi zambiri anawerenga mpaka kumapeto, anapezamo zabwino ndi zofooka, ndipo amafotokoza zonse ziwiri.

Owerenga amadandaula chiyani kwambiri pa mabuku a mbiri yakale?

Mayina ochuluka, zaka zochuluka, kulumphalumpha kuchoka m'chaka china kupita m'china, ndi kusowa kwa mapu. Dandaulo la mapu ndi lomveka ndithu: wolemba amene akukutengerani m'mizinda makumi awiri imene inasintha mayina kalekale, osakupatsani mapu ngakhale amodzi, sanakuganizireni. Dandaulo lakuti buku ndi lalitali silimveka nthawi zonse. Nkhani zina n'zazitali mwachibadwa. Chofunika kufunsa n'chakuti, kodi masambawo akuwonjezera umboni watsopano kapena akungobwereza mfundo imene yamveka kale m'mutu woyamba?

Dandaulo lina ndi la dzina la buku lolonjeza mbiri ya dziko lonse lapansi koma m'kati muli Ulaya yekhayekha. Limeneli ndi loona kawirikawiri, ndipo mungalitsimikizire nokha pongoyang'ana mndandanda wa mitu musanagule.

Bwanji mabuku amene anthu wamba amawakonda, akatswiri amawatsutsa?

Chifukwa chimene chimakopa owerenga ndi chomwecho chimene chimawawa akatswiri: yankho limodzi lalikulu la funso lalikulu. Jared Diamond, m'buku lake la mu 1997 lotchedwa *Guns, Germs, and Steel*, anafunsa chifukwa chimene Azungu anagonjetsera anthu a kumayiko ena osati iwowo kugonjetsedwa. Yankho lake linali malo: Ulaya ndi Asia anali ndi mbewu ndi nyama zambiri zotheka kuweta, ndipo chifukwa dera limeneli ndi lotambalala kuchokera kummawa kupita kumadzulo, mbewu ndi luso zinkafalikira mosavuta m'madera a nyengo yofanana. Owerenga ambiri amati bukuli linawatsegula maso, makamaka chifukwa limakana zoti mtundu wina wa anthu ndi wanzeru kuposa unzake. Linapata mphoto ya Pulitzer mu 1998. Koma akatswiri ambiri a mbiri ndi a chikhalidwe cha anthu amati limachepetsa udindo wa anthu amene anasankha kulanda, kupha ndi kugulitsa anzawo, ngati kuti zonsezo zinalembedwa kale m'nthaka ndi m'nyengo.

*Sapiens* ya Yuval Noah Harari, imene inatuluka m'Chiheberi mu 2011 ndi m'Chingerezi mu 2014, ili ndi mbiri yofanana. Imawerengeka mokoma, ndipo mfundo zake n'zosaiwalika, monga yakuti kuyamba ulimi kunavutitsa munthu m'malo momupepukitsira moyo. Akatswiri amati wolembayo amanena motsimikiza zinthu zimene ofufuza akadakanganabe.

Apa pali kanthu kamene owerenga ambiri amakatchula m'ndemanga zawo, ndipo n'koyenera kukasunga: amati buku lotere linali labwino kwambiri mpaka pamene linafika pa nkhani imene iwo amaidziwa bwino. Wophunzira za zamoyo amapeza zolakwika m'mutu wa zamoyo n'kukhulupirira mitu ina yonse, ndipo wophunzira zachuma amachita chimodzimodzi ndi mutu wake. Sitikunena kuti musawerenge mabuku otere. Ndi abwino poyambira, bola mukapeza mutu umene wakukhudzani mukafufuze buku la munthu amene anathera moyo wake pa nkhani imodziyo.

Kodi wolemba mbiri yakale angakhale wosakondera?

Palibe amene alibe mbali. Kusankha kumene kuti nkhani iyambire pati, ndi mawu a ndani amene amveke, n'kutenga mbali kale. Edward Gibbon atatulutsa gawo loyamba la mbiri yake ya kugwa kwa ufumu wa Roma mu 1776, atsogoleri a mpingo anakwiya ndi mitu 15 ndi 16, mmene anafotokoza kufala kwa Chikhristu ndi zifukwa zochokera kwa anthu osati kwa Mulungu, ndiponso anachepetsa chiwerengero cha ofera chikhulupiriro. Anawayankha mu 1779 powasonyeza kumene anatenga mfundo zake. Walter Rodney wa ku Guyana, amene ankaphunzitsa ku Dar es Salaam, sanabise mbali yake mu *How Europe Underdeveloped Africa* ya mu 1972, ndipo mpaka lero owerenga ena amati ndi buku lowamasula maganizo pamene ena amati limapeputsa zolakwa za atsogoleri a mu Africa momwemo.

Choyezera chabwino si kukondera, koma ngati wolembayo akukulolani kumutsutsa. Kodi wasonyeza magwero ake? Kodi watchula umboni umene ukulimbana ndi mfundo yake? Pamene akungoganizira, kodi wanena kuti akungoganizira?

Ziwerengero ndi pamene mikangano imakula. Adam Hochschild, mu *King Leopold's Ghost* ya mu 1998, anati anthu a ku Congo anachepa ndi pafupifupi 10 miliyoni chifukwa cha ulamuliro wa Leopold II, mfumu ya ku Belgium, umene unayamba mu 1885 n'kutha mu 1908, ndi zotsatira zake. Akatswiri ena amati chiwerengerocho n'chachikulu kwambiri, chifukwa pa nthawiyo kunalibe kalembera. Koma palibe katswiri woona amene amakana zoti anthu ankakakamizidwa kukolola mphira, ankagwidwa chikole ndiponso kudulidwa manja. Ndemanga imene imati "chiwerengero n'chokayikitsa, choncho buku lonse ndi bodza" yalumpha mfundo.

Nthawi zina wolemba amene ankanenedwa kuti ndi wokondera amadzapezeka kuti sananame. Caroline Elkins analemba mu 2005 za misasa imene Britain inkatsekeramo anthu a ku Kenya pa nthawi ya Mau Mau, gulu limene linaukira atsamunda m'zaka za m'ma 1950, ndipo anadalira kwambiri umboni wa pakamwa wa opulumuka. Ena anamudzudzula chifukwa cha zimenezo ndiponso chifukwa cha ziwerengero zake za akufa, zimene zikutsutsidwabe. Koma mu 2011 boma la Britain linavomera kuti linkasunga mwachinsinsi mafayilo a nthawi ya atsamunda ku Hanslope Park, ku England, ndipo mu 2013 linavomera kulipira mapaundi 19.9 miliyoni pa mlandu wa anthu 5,228 amene anazunzidwa. Ndemanga yolembedwa mu 2006 ndi yolembedwa mu 2014 sizingafanane, choncho muziyang'ananso chaka chimene ndemanga inalembedwa.

Munthu angakumbukire bwanji mawu amene anayankhulidwa zaka makumi anayi zapitazo?

Sangakumbukire liwu ndi liwu. Zokambirana za m'mabuku osimba moyo wa munthu n'zomangidwanso, ndipo owerenga ozolowera amalandira zimenezo. Si zachilendo: Thucydides wa ku Greece, polemba za nkhondo ya pakati pa Athens ndi Sparta zaka zoposa 2,400 zapitazo, ananena poyera kuti zoyankhula za atsogoleri sanazigwire ndendende, koma analemba zoyandikira tanthauzo lake ndi zimene zinkayenera kunenedwa pa nthawiyo.

Ndipo kukumbukira kumanyenga ngakhale munthu wachilungamo. Chombo cha m'mlengalenga cha Challenger chitaphulika mu 1986, katswiri wa za maganizo Ulric Neisser anapempha ophunzira kuti tsiku lotsatira alembe kumene anali pamene anamva nkhaniyo. Atawafunsanso patapita zaka pafupifupi zitatu, ambiri anafotokoza zosiyana ndi zimene analemba okha, koma ali otsimikiza kuti akukumbukira bwino. Choncho m'bale wa wolemba akanena kuti "sizinachitike choncho", sizitanthauza kuti mmodzi wa iwo akunama.

Olemba ena amavomereza zimenezi m'buku momwemo. Tara Westover, mu *Educated* ya mu 2018, mmene amasimba za kukula kumapiri a ku Idaho osapita kusukulu mpaka atakwanitsa zaka 17, anaika mawu a m'munsi osonyeza pamene abale ake akukumbukira mosiyana ndi iye. Owerenga ena amati zimenezo zinawachititsa kumukhulupirira kwambiri, ena amati zinawachititsa kukayikira. Ife tili kumbali ya oyambawo.

Kodi alipo mabuku amene anagwidwa kuti ndi abodza?

Alipo. James Frey anatulutsa *A Million Little Pieces* mu 2003 monga nkhani yeniyeni ya kulimbana kwake ndi mankhwala osokoneza bongo. Oprah Winfrey, mayi wotchuka pa TV ya ku America, atalisankhira oonera pulogalamu yake mu 2005, linagulidwa kwambiri. Mu Januwale 2006 atolankhani a The Smoking Gun anasonyeza kuti miyezi itatu imene anati anakhala m'ndende inali maola ochepa chabe ali m'manja mwa apolisi. Oprah anamuitana pa pulogalamu yake n'kumupanikiza ndi mafunso anthu akuonera. Choipa kwambiri chinali cha Binjamin Wilkomirski, amene mu 1995 anasimba za ubwana wake m'misasa ya Nazi n'kulandira mphoto, koma mu 1998 zinadziwika kuti anabadwira ku Switzerland mu 1941 ndipo anakulira komweko.

Zimenezi n'zosavuta kuweruza. Zovuta ndi ziwiri izi. Rigoberta Menchú wa ku Guatemala anasimba mu 1983 za nkhanza zimene asilikali ankachitira anthu a mtundu wa Maya, ndipo analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 1992. Mu 1999 David Stoll anasonyeza kuti zina zimene Menchú anasimba ngati anaziona ndi maso ake sanazione motero. Koma makolo ake ndi mchimwene wake anaphedwadi, ndipo chaka chomwecho bungwe lofufuza choonadi lothandizidwa ndi United Nations linapeza kuti anthu pafupifupi 200,000 anaphedwa kapena kusowetsedwa pa nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikolo, ndipo amene anachita zambiri mwa zimenezi anali asilikali a boma. Owerenga agawanika mpaka lero: ena amati mboni ikanama pang'ono yaononga umboni wake wonse, ena amati iye ankayankhulira anthu ambiri amene analibe pakamwa.

Winayo ndi Olaudah Equiano, amene buku lake la mu 1789 linathandiza kulimbana ndi malonda a akapolo. Iye anasimba za kugwidwa ali mwana kumudzi kwawo ku West Africa ndi za ulendo wa m'sitima ya akapolo. Vincent Carretta anapeza kaundula wa ubatizo wa mu 1759 ku London ndi kaundula wa sitima wa mu 1773, onse akusonyeza kuti anabadwira ku Carolina, ku America. Akatswiri ena amakhulupirira zikalatazo, ena amati mwana wa ukapolo sankadzilembera yekha kaundula. Nkhaniyi sinathe.

Kodi anthu otchuka amalemba okha mabuku a moyo wawo?

Ambiri amathandizidwa, ndipo si chinyengo ngati zanenedwa poyera. *Long Walk to Freedom* ya Nelson Mandela, ya mu 1994, inakonzedwa mothandizana ndi mtolankhani Richard Stengel, koma maziko ake ndi zimene Mandela analemba mobisa ku Robben Island m'zaka za m'ma 1970. Anzake anazikopera m'zilembo zing'onozing'ono, Mac Maharaj anatuluka nazo pamene anamasulidwa mu 1976, ndipo zoyambirirazo zinakwiriridwa m'munda wa ndende mpaka alonda anazipeza. Owerenga ambiri amati mitu ya ubwana ndi ya m'ndende ndi yamoyo, koma mitu yomaliza ndi yosamala kwambiri. Si zodabwitsa. Anailemba munthu amene ankayembekezera kutsogolera dziko logawanika, ndipo sakanatha kunena zonse.

Buku la moyo wa Malcolm X, womenyera ufulu wa anthu akuda ku America amene analowa Chisilamu, linalembedwa ndi Alex Haley kuchokera m'zokambirana zawo, ndipo linatuluka mu 1965 mwini wake ataphedwa kale mu Febuluwale chaka chomwecho. Iye analibenso mpata woona mmene linathera. Manning Marable, mu 2011, ananena kuti Malcolm anakokomeza za uchigawenga wa unyamata wake kuti kutembenuka kwake kuoneke kwakukulu. Wosimba za kutembenuka mtima aliyense amakumana ndi yesero limeneli.

Nanga buku la Anne Frank, bwanji ena amati si lake?

Ndi lake. Chisokonezo chinabwera chifukwa pali zolemba zingapo. Anne, mtsikana wa Chiyuda wozunzidwa ndi a Nazi, anayamba kulemba zochitika za tsiku ndi tsiku mu Juni 1942. Mu Malichi 1944, ali kobisala ku Amsterdam, anamva pa wayilesi nduna ya boma la Netherlands ikupempha anthu kusunga zolemba zawo za pa nthawi ya nkhondo, ndipo anayamba kulembanso buku lake mokonza bwino. Anagwidwa mu Ogasiti 1944 n'kumwalira kumsasa wa Nazi wa Bergen-Belsen kumayambiriro kwa 1945. Bambo ake, Otto Frank, anaphatikiza zolemba ziwirizo n'kuchotsamo zina, monga mawu owawa okhudza mayi ake ndi za kukula kwa thupi lake, ndipo buku linatuluka mu 1947. Okana za kuphedwa kwa Ayuda anagwiritsa ntchito kusiyanaku kunena kuti ndi lopeka. Akatswiri a boma la Netherlands anayeza pepala, inki ndi kalembedwe, ndipo zotsatira zake, zofalitsidwa mu 1986, zinatsimikiza kuti analemba ndi iye.

Kodi n'kulakwa kunena kuti sindinalikonde buku la munthu amene anavutika kwambiri?

Ayi. Anthu ambiri amapereka nyenyezi zisanu chifukwa cha chisoni, n'kuwonjezera kuti "ndine ndani ine kuti ndiweruze moyo wa munthu". Simukuweruza moyo wake. Mukunena za buku, ndipo buku likhoza kukhala lobwerezabwereza kapena losalongosoka ngakhale mavuto ake ali enieni. Chosayenera ndi kudandaula kuti munthu wozunzidwa "akungolira" kapena kuti mavuto ake sanakusangalatseni.

N'chifukwa chiyani mabuku a chipembedzo ndi amene amakanganitsa anthu kwambiri?

Chifukwa pashelefu imodzi pamakhala mabuku a ntchito zosiyana kotheratu, ndipo chikuto sichinena. Lina limalembedwa ndi wokhulupirira kuti alimbikitse kapena akope anthu. *Mere Christianity* ya C. S. Lewis, ya mu 1952, inachokera m'nkhani zimene ankakamba pa wayilesi ya BBC kuyambira 1941 mpaka 1944, nkhondo ili m'kati. N'chifukwa chake mitu yake ndi yaifupi ndi yomveka ngati munthu akucheza nanu. Okhulupirira ambiri amati linawathandiza, pamene otsutsa amati limathamanga pa mfundo zofunika kufatsa, monga yakuti Yesu ayenera kukhala wabodza, wamisala kapena Ambuye, popanda kuganizira njira yachinayi yakuti mawuwo anawalemba ndi anthu ena pambuyo pake.

Lina limalembedwa ndi wofufuza amene akufotokoza mmene chikhulupiriro chinakulira. Karen Armstrong, amene anakhalapo sisitere wa Katolika, analemba *A History of God* mu 1993 kufotokoza mmene Ayuda, Akhristu ndi Asilamu akhala akuganizira za Mulungu. Amene analigula kuti liwalimbikitse popemphera amakhumudwa, ndipo amene amadana ndi zipembedzo amati ndi lofatsa mopitirira.

Lina limalembedwa kuti litsutse. *The God Delusion* ya Richard Dawkins, ya mu 2006, ndi la mtundu umenewu, ndipo ngakhale anthu ena osapembedza, monga katswiri wa nzeru zakuya Michael Ruse, anati silinamvetse bwino mfundo zimene likulimbana nazo.

Musanakhulupirire ndemanga ya buku la chipembedzo, yesani kudziwa kaye kumene wolemba ndemangayo waima. Ambiri amadziulula m'chiganizo choyamba.

Ndawerenga kuti mavesi ena mulibe m'mipukutu yakale ya Baibulo. Kodi olemba mabuku otere akufuna kugwetsa chikhulupiriro cha anthu?

Funsoli limabwera kawirikawiri kuchokera kwa amene awerenga *Misquoting Jesus* ya Bart Ehrman, ya mu 2005. Mfundo zake zazikulu si zachinsinsi. Nkhani ya mayi wogwidwa akuchita chigololo, pa Yohane 7:53 mpaka 8:11, ndi mapeto a Maliko, pa 16:9-20, mulibe m'mipukutu iwiri yotchuka ya m'zaka za m'ma 300, Sinaiticus ndi Vaticanus. Mabaibulo ambiri a masiku ano amanena zimenezi m'mawu a m'munsi, ndipo akatswiri okhulupirira amazivomereza. Pamene amasiyana ndi Ehrman ndi pa tanthauzo lake. Iwo amati kusiyana kochuluka kwa m'mipukutu ndi kwa kalembedwe chabe ndipo sikukhudza chiphunzitso chachikulu chilichonse, pamene iye amati kusiyana kwina n'kofunika kuposa mmene amavomerezera. Wowerenga amene anadzidzimuka nthawi zambiri amakwiyira wolembayo chifukwa cha chinthu chimene chinali m'munsi mwa tsamba la Baibulo lake zaka zonsezi.

Kodi munthu wa chipembedzo china angalembe zoona za chipembedzo changa?

Angathe, monganso wa m'chipembedzo chanu angathe kulakwitsa. Mu 2013 Reza Aslan, Msilamu, anatulutsa *Zealot*, buku lonena za Yesu monga munthu wolimbana ndi ulamuliro wa Roma. Mtolankhani wa TV ya ku America ya Fox News anamufunsa mobwerezabwereza chifukwa chimene Msilamu angalembere za Yesu, ndipo kanemayo atafala bukulo linagulidwa kwambiri. Funsolo linaphonya, chifukwa Aslan amavomereza kuti Yesu anapachikidwa, zimene zikusiyana ndi zimene Asilamu ambiri amaphunzitsa. Akatswiri a Chipangano Chatsopano anali ndi madandaulo awo enieni, akuti mfundo yake ndi yakale ndipo amasankha mavesi omukomera, koma madandaulo amenewo sakhudza chipembedzo chake.

Komabe chikhulupiriro cha wolemba chimatha kulowerera m'zimene akuona. John Mbiti wa ku Kenya, wansembe wa Anglican, analemba *African Religions and Philosophy* mu 1969 kusonyeza kuti zipembedzo za makolo a mu Africa zili ndi nzeru zozama, pa nthawi imene mabuku ambiri a Azungu ankazinyoza. Okot p'Bitek wa ku Uganda anamutsutsa iye ndi anzake kuti akuveka milungu ya mu Africa zovala za Chikhristu kuti ilemekezeke pamaso pa Azungu. Kuwerenga awiriwa motsatizana kumaphunzitsa zambiri kuposa kuwerenga mmodzi yekha kawiri.

Ndinayamba *Confessions* ya Augustine chifukwa anthu amaitamanda, koma ndinaisiyira panjira. Vuto ndi ine?

Simuli nokha, ndipo tikhoza kuganiza pamene munasiyira. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, analemba bukuli cha m'ma 397 mpaka 400, ndipo lili ndi zigawo 13. Zigawo zisanu ndi zinayi zoyambirira ndi nkhani ya moyo wake: kuba mapeyala ali ndi zaka 16, osati chifukwa cha njala koma chifukwa cha kukoma kwa kulakwa pamodzi ndi anzake, misozi ya mayi ake Monica, kutembenuka kwake ku Milan, ndi imfa ya Monica ku Ostia. Kenako nkhani imaima. Gawo 10 limafufuza za kukumbukira, gawo 11 za nthawi, ndipo zigawo ziwiri zomalizazo zimamasulira chiyambi cha buku la Genesis. Amene anabwera kudzamva nkhani amaona ngati alowa m'buku lina. Dziwaninso kuti buku lonselo ndi pemphero: akuyankhula ndi Mulungu, inu mukungomvera nawo.

Owerenga a masiku ano ambiri amakhumudwa ndi chinthu chimene iye sanachione ngati tchimo lalikulu. Anakhala zaka zambiri ndi mayi wina amene anabereka naye mwana, Adeodatus, kenako mayiyo anabwezedwa ku Africa kuti iye akwatire mkazi wa banja lolemekezeka. Amavomereza kuti mtima wake unang'ambika, koma dzina la mayiyo salitchula m'buku lonselo, pamene mapeyala anawapatsa masamba angapo. Kudandaula kumeneku n'koyenera, ndipo sikuchotsa ukulu wa bukulo.

Kodi zili ndi kanthu kuti ndawerenga kumasulira kuti, kapena kusindikiza kwa chaka chiti?

Zili ndi kanthu kwambiri, ndipo masamba a ndemanga nthawi zambiri amasakaniza zonse pamodzi. Munthu amene akuti Augustine ndi wouma mwina anawerenga kumasulira kwa zaka zoposa 100 zapitazo. *Night* ya Elie Wiesel, yosimba za moyo wake m'misasa ya Nazi, inayamba kutuluka m'Chiyidishi mu 1956 ku Buenos Aires, ili yaitali ndi yaukali, kenako m'Chifalansa mu 1958 itafupikitsidwa. Ya Chingerezi ya mu 1960 ndi imene mkazi wake Marion anamasuliranso mu 2006 sizifanana paliponse. Za Anne Frank taona kale pamwambapa: amene anawerenga buku losindikizidwa kalekale ndi amene anawerenga lathunthu la m'zaka za m'ma 1990 anakumana ndi mtsikana wosiyanako.

Ndikufuna kulemba ndemanga yanga. Ndiikemo chiyani?

Nenani chimene munkafuna pogula bukulo, ndiponso ngati munali kudziwa kale nkhaniyo kapena ayi. Ngati simunamalize, nenani pamene munalekera. Ngati ndi lomasuliridwa, tchulani womasulira. Mukapeza cholakwika, tchulani tsamba ndi chimene chili cholondola, kuti wina athe kukaona yekha. Pa buku la chipembedzo kapena la ndale, siyanitsani mawu akuti "sindigwirizana naye" ndi akuti "sanafotokoze bwino", chifukwa wowerenga ndemanga yanu akhoza kukhala wa mbali inayo ndipo akufuna kudziwa ngati bukulo likuimira bwino mbali yake. Pa buku losimba moyo wa munthu, chenjezani ngati muli nkhanza zoopsa, ndipo musaulule mmene nkhani yathera pokhapokha ngati ili yodziwika kale kwa aliyense.